Mitima Naini pa Jekete Imodzi

Chete ankasita malaya a achimwene ake ngati munthu amene sakufuna kuti ntchito ithe. Ankayamba ndi kolala, n'kuitembenuza, n'kuisitanso kumbali kumene palibe amene amaonako. Kenako manja a malayawo, lina kenako linzake, kenako mipata ya pakati pa mabatani. Ayironi yake inali yakale, chingwe chake chomata ndi tepi yakuda malo awiri, ndipo ikatentha kwambiri inkalira kuti thi n'kuzima yokha. Ikatero iye ankaiimika n'kudikira, maso ali pa foni imene anaitsamiritsa ku botolo la madzi owazira zovala.

Dzina lakuti Chete anamupatsa ndi achimwene akewo ali wamng'ono, chifukwa ngakhale atapsa ndi tiyi sankalira mokweza. Dzinalo linamukakamira mpaka anthu a mumsewu mwawo anaiwala kuti ali ndi lina. Atamaliza sekondale anabwera kudzakhala kwa achimwenewo, m'kachipinda ka kumbuyo, momwe bedi lake linkalimbirana malo ndi matumba a zovala za kaunjika. Zovalazo ankazichapa, kuzisita, kuzipachika pa msomali wa pachitseko, kuzijambula, n'kuziika pa msika wa pa intaneti. Munthu akakonda chovala koma osagula, ankadina kamtima pansi pa chithunzi, ndipo wogulitsa ankaona mayina a onse amene adina.

Pa msomali paja tsiku limenelo panali jekete yachimuna yobiriwira modera, ya mabatani akuluakulu. Inali itatha milungu itatu pa msika. Inali ndi timitima naini. Koma Chete ankangoyang'ana kamodzi kokha, kachitatu kuchokera pamwamba, ka mnyamata wokonza mafoni pa kontena ya kumsewu waukulu, amene aliyense ankangomutchula kuti Wamafoni. Anthu awiri anali atafunsapo za jeketeyo, ndipo onse anawayankha kuti ili ndi mwini kale.

"Mlamu, malaya amodzi mpaka dzuwa lilowe?"

Anali mkazi wa achimwene ake, ataima pakhomo akupukuta manja pa kansalu ka mbale.

"Ndatsala pang'ono, alamu."

"Jekete ija idakalipo? Imeneyi tingoipatsa mbale yakeyake, yasanduka m'bale wathu." Analowa n'kuigwira m'mapewa. "Si paja pa foni pako pali podina, kuti anthu a timitima aja alandire mtengo wotsika? Bwanji osadina?"

"Ndinayesapo pa mabulawuzi mwezi watha. Atatu anagulidwa tsiku lomwelo."

"Ndiye vuto lili pati?"

"Anthu anazolowera. Pano amangoika kamtima n'kukhala duu, kudikira kuti nditsitse. Wina anachita kundilembera kuti, 'Asisi, mutsitsa liti?' Ngakhale moni."

Mlamu wake anaseka mpaka anakhala pa bedi. "Anthu ndi choncho. Ukamupatsa mwana switi kuti atonthole, mawa amalira dala." Kenako anatsitsa mawu. "Koma alipo wina amene sadikira zotsitsa. Abwana a achimwene ako. Dzulo anafunsanso za iwe."

Abwanawo anali mwini sitolo ya zitsulo za galimoto komwe achimwene ake ankagwira ntchito, ndipo anthu anawapatsa dzina loti Asipeya. Anali munthu wa zaka makumi anayi, wa wotchi yaikulu ndi mawu aakulu. Kuyambira pamene achimwene anawasonyeza tsamba la Chete, ankadina kamtima pa chilichonse chimene iye waika: masiketi, tinsapato ta ana, ngakhale madiresi a amayi oyembekezera.

"Mwamuna ndi m'thumba, mlamu," anatero mkaziyo akudzuka. "Nkhope sidyedwa."

Chete anatenga malaya ena n'kuyambanso ndi kolala.

* * *

Lachinayi masana anapita ku kontena. Kanali kachitatu mwezi umenewo kupitako ndi foni yopanda vuto.

Kontenayo inali yabuluu, yogawidwa pakati ndi thabwa. Mbali ina kunali saluni, mbali ina kunali tebulo la Wamafoni, lodzaza ndi mafoni osegulidwa mimba, tizitsulo tating'onoting'ono m'chivindikiro cha botolo, ndi kanyale kopinda khosi. Mwiniwakeyo anali atawerama, koma anadziwa mapazi ake.

"Yadwalanso?" anafunsa. "Foni imeneyi imadwala Lachinayi lokhalokha."

"Ikuchedwa kudzaza."

Anailandira ndi manja awiri n'kuyamba kupukuta polowera chaja ndi kaburashi. Pa chala chake chachikulu panali kachipsera ka chitsulo chowotcherera. Chete ankakadziwa bwino kachipsera kameneko kuposa nkhope ya mwiniwake, chifukwa ndi pamene maso ake ankathawira nthawi zonse.

"Malonda akuyenda, achemwali?"

"Timitima tokhatokha. Timitima sitigula sopo."

Wamafoni anaseka ndi mphuno. Anauzira mu foni muja, n'kupitiriza osakweza maso.

"Munthu akaika kamtima ndiye kuti wafika kale pakhomo. Si onse amene akudikira mtengo. Ena amangoopa kugogoda. Mukamutsitsira pang'ono, mwamupatsa chifukwa cholowera."

"Ine ndinaona kuti amazolowera."

"Ozolowerawo ndi amene sankachifuna kwenikweni. Wochifuna kwenikweni amangofuna kudziwa kuti mwamuona."

Inunso munaika kamtima pa jekete ija. Mawu amenewa anafika mpaka m'mano mwa Chete, n'kubwerera.

"Aa, asisi a kaunjika! Mwabweranso?"

Anali mtsikana wa musaluni, atasuzumira kuseri kwa thabwa, chipeso chili m'tsitsi lake lomwe. Anatuluka n'kudzaima kumbuyo kwa Wamafoni, n'kutsamiritsa chigongono paphewa lake ngati pa mpando wa kwawo.

"Foni imeneyi mungomusiyira dokotalayu aigoneke m'chipatala, mwatopa nayo kuyenda. Iwe, wadya? Ndakusungira buledi wa mazira." Kenako anatembenukiranso kwa Chete, akumwetulira ndi mano okha. "Tamva kuti mwapata bwana wa zitsulo za galimoto. Achimwene anu akulengeza msewu wonse. Mudzatiitane, tsitsi ndidzakukonzani ulere."

Kaburashi kaja kanaima.

Si zoona. Anali mawu awiri okha, ndipo mwana aliyense akanatha kuwanena. Chete anayang'ana pansi, anayang'ana tizitsulo m'chivindikiro muja, ndipo chimene chinatuluka m'kamwa mwake n'chakuti, "Ndipereke zingati?"

"Palibe," anatero Wamafoni, akumubwezera foni. "Linali fumbi chabe."

* * *

Lachisanu masana m'nyumba munalibe munthu. Achimwene anali ku sitolo, alamu atapita kukaona mnzawo wodwala. Firiji yokha ndiyo inkang'ung'udza kukhitchini. Chete anakhala pa bedi, msana atatsamira khoma, jekete ikumuyang'ana ili pa msomali.

Masana otere ndi amene ankamuvuta. Anzake a kusukulu anali atabalalika, ena ku koleji, ena kubanja, ndipo gulu lawo la pa foni linali litasanduka la zithunzi za makanda. Tsiku lonse ankalankhula ndi anthu osawadziwa za masaizi ndi mitundu, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankamufunsa kuti wadzuka bwanji.

Ena amangoopa kugogoda.

Anatsegula tsamba la jekete. Anadina pa mndandanda wa timitima, n'kudina pa kachithunzi ka Wamafoni kuti kakule. Anakayang'ana nthawi ndithu. Pansi pake panali batani lija lakuti Tsitsani mtengo. Pa mabulawuzi paja analidina ali pa tsamba la chovala, ndipo uthenga unapita kwa onse. Lero analidina kachithunzi ka munthu mmodzi kali pamaso pake, ndipo mumtima mwake zinali zachidziwikire kuti uthengawo upita kwa munthu mmodzi yemweyo. Tsiku limene Wamafoni ankamuikira msikawu pa foni anamufotokozera zonse za batani limeneli. Koma tsiku limenelo Chete ankayang'ana kachipsera, ndipo sanamve kanthu.

Anadula mtengo pakati. Kenako panatuluka kabokosi kolembamo mawu.

Analemba kuti, "Mtengo watsika, takulandirani." Anafufuta. Analemba kuti, "Jekete iyi ingakukhaleni bwino." Anafufuta. Anadzuka, anamwa madzi, anabwerera. Ndiye analemba mwachangu, ngati munthu wowoloka msewu wa magalimoto ambiri:

"Jekete iyi ndasungira inu. Ndakaniza anthu awiri. Sindinatsitse chifukwa chosowa wogula, ndatsitsa kuti mupeze chifukwa chobwera kwathu. Ndinakuonani kalekale. Masana onse ndimakhala pakhomo."

Anadina, n'kuponya foni pansi pa pilo ngati yamuwotcha. Anatenga tsache n'kukasesa pabalaza pamene anali atasesa kale m'mawa. Anasuntha mipando, anasesa pansi pake, anaibwezera. Pamene ankapukuta wailesi anamva pilo akulira. Analiranso. Analiranso kachitatu, kachinayi.

Munthu mmodzi salemba mauthenga ambiri chonchi, anaganiza choncho.

Pamwamba pa sikirini panali mzere waung'ono: Mtengo watsopano watumizidwa kwa anthu 9.

Pansi pake mayankho anali atandandalika.

"Asisi, ine ndine wapabanja, koma jeketeyo ndaikonda."

"Kwanuko ndi kuti? Ndikubwera ndi mnzanga."

"Kkkk malonda a masiku ano! Kodi mukagulitsa thalauza mumalemba zotani?"

Anafunafuna pofufutira, koma panalibe. Ali mkati mofuna, chithunzi cha jekete chinachita mdima, ndipo pakati pake panalembedwa kuti Yagulidwa. Wogula anali Asipeya. Uthenga wawo unafika nthawi yomweyo:

"Ndamva, mayi. Ndinkadziwa ine kuti kukhala chete si kukana. Lamlungu masana ndili komweko."

Chete anakhala pansi penipeni, pa simenti, foni ili pamiyendo. Anadikira dzina limodzi mpaka mthunzi wa zenera unachoka pabedi n'kukwera khoma. Mwa anthu naini aja, asanu ndi awiri analemba. Wamafoni sanalembe kanthu.

* * *

Wachisanu ndi chitatu anali mlamu wake, amene ankaika timitima pa katundu wake pongofuna kumulimbikitsa. Analowa chikwama chikadali paphewa, foni ili m'manja.

"Mlamu, ndalandira kalata yako. Ukuti ndipeze chifukwa chobwera kwanu? Ndabwera, ndine pano. Ndikhale pati?"

Anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya Chete kuseka kunathera panjira. Anatseka chitseko n'kukhala pa thumba la zovala.

"Sumadziwa kuti zimapita kwa onse?"

Chete anapukusa mutu.

"Safunsa anadya phula. Nanga unalembera ndani?"

Chete anayang'ana jekete pa msomali.

"Si Asipeya. Ndikuona ndi maso angawa kuti si Asipeya." Anapuma mozama. "Tamvera, mlamu. Madzi akatayika sawoleka. Achimwene ako andiimbira kale kawiri, akuseka ngati apambana mpikisano. Abwana awo awaonetsa uthengawo pamaso pa anyamata onse a musitolo. Ine sindikukukakamiza, ndine mkazi mnzako. Koma nyumba ino tikukhalamo chifukwa cha sitolo ija. Uziganizenso zimenezo."

Dzuwa lisanalowe achimwene anafika atanyamula botolo la yogati, limene analiika pa tebulo lositira ngati mphoto ya kusukulu. Chibwerereni Chete m'nyumba muja, achimwenewo anali asanakhalepo pansi m'chipinda chake. Tsiku limenelo anakhala, pa bedi penipeni, n'kuvula nsapato.

"Mlongo wanga wakula! Ine ndimati ndikulera mwala, osadziwa kuti mwalawo umalemba makalata." Anamugwira pamutu monga ankachitira ali mwana. "Mayi akanakhalapo akanavina lero. Wandichotsa manyazi, Chete. Wandichotsa manyazi."

Dzanja lawo linali lofunda. Chete anazindikira kuti panali patapita zaka munthu asanamugwire pamutu chotero, ndipo zimenezi zinamupweteka kuposa mauthenga onse aja. Anamwa yogatiyo yonse, achimwene akumuyang'ana mokondwa.

* * *

Loweruka m'mawa anapita ku kontena wopanda chonamizira. Njira yonse ankabwereza mawu ake: Uthenga uja unali wanu. Mawu anayi. Anawanena podutsa pa golosale, anawanena powoloka msewu, anawanenanso ataima kuti basi idutse.

Anapeza mtsikana wa musaluni atakhala pa mpando wa makasitomala a Wamafoni, miyendo atapingasa, akupala zikhadabo.

"Eee, mkwatibwi wafika! Asisi, mwatiphunzitsa malonda. Ine ndinaika kamtima pa jekete ija kuti ndimugulire uyu, ndiye ndangoona ndikufunsiridwa!" Anatulutsa foni n'kuwerenga ndi mawu opyapyala. "'Ndinakuonani kalekale.' Ayi ndithu, anthu ofatsa muziwaopa."

Azimayi awiri amene ankadikira musaluni anaseka. Wamafoni sanaseke. Anali atawerama pa foni yosegula, ndipo moni wake unali wa kasitomala wamba.

"Takulandirani. Vuto ndi chiyani lero?"

"Sindinabwere za foni."

Anakweza maso. Anali ofiira pang'ono, ngati a munthu amene wayang'ana tizitsulo nthawi yaitali.

"Batani lija limatumiza kwa onse, achemwali. Ndinakuuzani tsiku lija. Kaya mwatsegula chithunzi cha ndani, limatumiza kwa onse." Anayankhula mofatsa, ngati akufotokozera agogo mmene amayatsira foni. "Musade nkhawa. Anthu aseka masiku awiri, aiwala. Chachikulu n'chakuti mwiniwake walandira, ndipo sanachedwe."

"Mwiniwake..."

"Uyutu dzulo anatseka kontena!" analowerera wa musaluni. "Atangowerenga, anasiya foni ya kasitomala ili chosegula, n'kutseka, n'kuyamba ulendo ngati kwagwa maliro. Ndinachita kumuthamangira mpaka pa golosale paja. Ndati, bwerera iwe, inenso ndalandira, taona! Ndiye tikuyang'ana limodzi, tikuona jekete yagulidwa kale. Ndi ndani? Bwana wa zitsulo. Ndati, waona, uthengawu uli ndi eni ake, ife tangodyerera nawo."

"Basi, zakwana," anatero Wamafoni.

Anatseka kontena. Anafika mpaka pa golosale. Chete anamva mawu amenewa akulowa mwa iye ngati madzi otentha m'kapu yozizira. Kuchokera pa golosale kufika kwawo panali mphindi zisanu zokha. Iye anali atakhala pa simenti akudikira uthenga, pamene munthuyo anali panjira ndi miyendo yake.

Anatsegula pakamwa. Azimayi awiri aja anali atasuzumira kuseri kwa thabwa. Wa musaluni anasiya kupala zikhadabo. Wamafoni ankamuyang'ana, sikuludiraiva ili m'mwamba, ndipo m'maso mwake munali kanthu kena kamene kankapempha. Anthu anayi, maso asanu ndi atatu, onse pa iye. 

"Ndimangodutsa," anatero.

Wamafoni anagwedeza mutu pang'onopang'ono n'kuweramanso.

"Muyende bwino. Ikawakhale bwino jeketeyo."

Pobwerera Chete anaima pa golosale paja kwa kanthawi, osagula kanthu. Anayang'ana kumene amachokera, anayang'ana kumene amapita. Mwini golosale anamufunsa ngati wataya chinthu, ndipo iye anati ayi.

* * *

Lamlungu alamu anatulutsa makapu a m'kabati, aja amene sankagwiritsidwa ntchito chigulireni. Achimwene anavala malaya oyera n'kumangoyendayenda pakati pa zenera ndi khomo. Galimoto itaima panja, anatuluka chothamanga kukatsegula chitseko chake ngati kuti mwiniwake alibe manja.

Asipeya analowa ndi fungo la perefyumu limene linafika kukhitchini iwo asanakhale pansi. Anadzaza mpando waukulu wonse. Anamwa chakumwa chozizira theka ulendo umodzi, n'kuitana.

"Mwini katundu ali kuti? Ine ndabwera kudzatenga zanga."

Chete anabweretsa jekete itapindidwa bwino mu pepala. Asipeya anang'amba pepalalo, anaimirira, n'kuyamba kuvala. Dzanja limodzi linalowa. Lachiwiri linalowa movutikira. Mapewa anakana. Mabatani ndi mabowo ake anayang'anizana patali ngati anthu oyambana, ndipo manja a jeketeyo anathera pamwamba pa wotchi.

"Yakukhalani, bwana!" anatero achimwene. "Ngati anachita kukuyezani."

Alamu anathawira kukhitchini akutsokomola.

"Ine sindinagule jekete," anatero Asipeya akukhala pansi mosamala kuti isang'ambike. "Ndinagula mawu. Pa malonda ine nditsutsana nawe, mayi. Katundu wabwino satsika mtengo. Ukatsitsa, wogula amayamba kufunafuna pamene pang'ambika. Ine musitolo mwanga sinditsitsa ngakhale nati imodzi. Koma kutsitsa kwako uku ndakukhululukira, chifukwa ndamva cholinga chake."

Anatulutsa foni, anaiika patali ndi maso, n'kuwerenga uthenga wonse mokweza, mawu ndi mawu. Pa "ndinakuonani kalekale" anaima n'kuyang'ana achimwene, onse awiri n'kuseka. Chete anali ataima pafupi ndi kabati, manja kumbuyo. Mawu amene anawalembera munthu mmodzi ankatuluka m'kamwa mwa munthu wina, onenepa, achilendo, ngati chovala chake chovalidwa ndi munthu wosamudziwa.

"Tsopano poti tayamba kukhala amodzi," anapitiriza Asipeya, akupisa m'thumba la thalauza, "nane ndabwera ndi kanga." Anaika makiyi atatu pa tebulo, pakati pa makapu. "Sitolo yatsopano ija ya kumtunda ikutsegulidwa mwezi wamawa. Ndimafuna munthu wapabanja panga woti aiyang'anire. Ndamupeza."

Achimwene anayang'ana makiyiwo. Zaka zisanu ndi ziwiri anali akunyamula mabatire ndi matayala musitolo ya munthu ameneyu. Anagwada ndi bondo limodzi, anagwira dzanja la abwana awo ndi manja awiri, kenako anatembenukira kwa mlongo wawo, maso ali ndi misozi.

"Chete, nenapo kanthu. Thokoza. Lero lokha, tsegula pakamwa."

Chete anayang'ana makiyi. Anayang'ana alamu ake amene anali ataima pakhomo la kukhitchini, akumupukusira mutu pang'onopang'ono. M'maganizo anaona msewu wa pa golosale, ndi munthu akubwerera yekha kukatsegula kontena. Ndiye anamva mawu ake omwe akutuluka, aang'ono koma osanjenjemera.

"Uthengawo sunali wanu, bwana."

Firiji inamveka kukhitchini.

"Ndinalakwitsa podina. Unapita kwa anthu naini. Alamu analandira, wa musaluni analandira, abambo ena apabanja analandira. Inu munangofulumira kugula."

"Chete!" anatero achimwene, akadali chogwada. "Bwana, mwanayu ndi wamanyazi, akachita mantha amalankhula zosokonekera..."

"Musiyeni," anatero Asipeya. Kumwetulira kunali kudakali pankhope pawo, koma kunali kutauma. "Ngati sunali wanga, unali wa ndani?"

"Wa mnyamata wokonza mafoni kumsewu waukulu."

"Wokonza mafoni." Anabwereza mawuwo ngati akuwalawa. "Uja wa pa kontena yabuluu? Yogawana ndi saluni?"

Chete anagwedeza mutu.

Asipeya anayamba kuvula jekete. Inawavuta kutuluka kuposa mmene inalowera, ndipo palibe amene anayerekeza kuwathandiza. Ataivula anaiika pa mkono wa mpando, anatambasula dzanja, n'kutola makiyi aja limodzi ndi limodzi.

"Dziko ndi laling'ono," anatero. "Kontena imene ija ndi yanga. Mzere wonse uja ndi wanga. Mnyamata ameneyo pangano lake la lendi likutha kumapeto kwa mwezi uno, ndipo dzana lomweli anabwera kudzandipempha kuti ndimuwonjezere chaka." Anaika makiyi m'thumba n'kulisisita. "Ndinamuuza kuti ndiganiza kaye."

Chete anagwira m'mphepete mwa kabati. Achimwene anadzuka n'kubwera pafupi naye, mawu awo ali otsika, osweka.

"Mlongo wanga, ndakulera ine. Sindinakumenyepo, sindinakumanepo kanthu. Nena kuti umaseka. Abwana ndi munthu womva. Nena kuti umaseka, zonse zibwerere m'malo. Ukuphetsa anthu awiri, ine ndi mnyamatayo."

Chete anawayang'ana m'maso, chinthu chimene anali asanachitepo chikulireni.

"Sindikuseka, achimwene. Munandipatsa dzina ili ndili mwana, ndipo ndakhala ndikulisunga bwino. Mukandifunsa ndimangogwedeza mutu, ndiye inu mumasankha nokha ngati ndavomera kapena ndakana. Lachinayi ndinakhala chete, dzulo ndinakhala chete, ndipo munthu anabwerera panjira chifukwa cha ine. Lero ndikakhalanso chete, mundikwatitsa ndili chiimire pompano." Anatembenukira kwa Asipeya. "Bwana, ndalama zanu ndikubwezerani lero lomwe. Achimwene anga sanalakwe, mnyamata uja sanalakwe, sakudziwa n'komwe. Wolakwa ndine, amene ndinadina. Ngati mukufuna wolanga, ndili pano. Koma sindikukufunani. Ndikufuna iyeyo, ndipo ndikupita kukamuuza ndi pakamwa panga, inu musanafikeko."